Makina oyezera BP kunyumba a Omron M2 ndi M3: kwa munthu wonenepa, nkhani yagona pa lamba

Musanafunse mtengo wa makina oyezera BP, yezani kaye mkono wanu. Anthu amene amafunikira kwambiri makinawa ndi a matupi akuluakulu, ndipo ndi omwewonso amene makinawa amawanamiza akagulidwa mosayang'ana bwino. Omron M2 ndi Omron M3 onse ndi abwino. Onse amapopa okha mpweya, amaonetsa manambala akuluakulu owerengeka ngakhale kwa agogo, ndipo opanga amati saphonya kupitirira 3 mmHg (mmHg ndiwo muyeso umene BP imawerengedwera). Kusiyana kwenikweni kuli pa lamba wovala pamkono uja. M2 wamba imabwera ndi lamba wa mkono wa masentimita 22 mpaka 32, pamene M3 imabwera ndi wa 22 mpaka 42. Masentimita khumi amenewa ndi amene amasiyanitsa kugula kwanzeru ndi kutaya ndalama.

Kuyeza mkono sikutenga mphindi. Bwerekani tepi ya telala. Pindani chigongono, pezani fupa la pamwamba pa phewa ndi nsonga ya chigongono, ndipo ikani kachizindikiro pakati penipeni. Kenako lekani mkono ulendewere, zungulizani tepi pa chizindikirocho mosafinya mnofu, monga muja amayezera ana ku sikelo. Mukapeza 31 kapena kutsika, M2 ikukwanirani. Mukapeza 32 kapena kupitirira, musamvere wogulitsa amene angakuuzeni kuti lambayo amatamuka. Satamuka. Angathe kumata ndithu, koma kachikwama ka mpweya kamene kali mkati mwake sikazungulira mkono mokwanira, motero makina amapopa kwambiri kuti atseke mtsempha wa magazi umene uli pansi pa mafuta, ndipo mphamvu yowonjezerayo amaiwerengera ngati BP yanu.

Kunama kwake si kwa pang'ono ayi. Mu 2023 ofufuza a ku Johns Hopkins University ku Baltimore, m'dziko la America, anayeza anthu omwewo ndi malamba osiyanasiyana kukula. Anthu amene amafunika lamba wamkulu koma n'kuyezedwa ndi wapakati, nambala yawo ya pamwamba (yaikulu mwa manambala awiri a BP) inkakwera ndi pafupifupi 5. Amene amafunika lamba wamkulu kwambiri inkakwera ndi pafupifupi 20. Taganizirani mayi amene BP yake yeniyeni ndi 128, makina n'kumamuonetsa 148 m'mawa uliwonse. Adzada nkhawa, adzapita ku chipatala ndi kope lodzaza manambala abodza, ndipo mwina adzawonjezeredwa mankhwala amene samafunika, n'kuyamba kumva chizungulire akamaimirira. Kwa a mikono yowonda zimatembenuka: lamba wokula kwambiri amatsitsa nambala, ndipo matenda amabisala.

Werengani manambala a lamba pa bokosi ndi maso anu, chifukwa pali mitundu ina ya M2 imene imabwera ndi lamba wamkulu, ndipo dzina lokha lingakusocheretseni. Ngati muli kale ndi M2 ya lamba wamng'ono, musaitaye. Lamba wa Omron wa 22 mpaka 42 amagulitsidwa payekha, ngakhale kuti m'mafamase a kuno kum'mawa kwa Zambia nthawi zambiri amachita kuitanitsidwa ku Lusaka. Onetsetsani kuti ndi wa makina anuwo. Lamba wa kampani ina, ngakhale paipi yake italowa bwinobwino, asagwiritsidwe ntchito, chifukwa makina aliwonse anawakonza kuti aziwerengera mpweya wa lamba wawo.

Pamene makina awiriwa amatigwiritsa mwala ndi pa mkono wopitirira masentimita 42. Mikono yotere ilipo m'makomo mwathu, ndipo M3 siithandiza. Vuto lina n'lakuti mkono waukulu sukhala wofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi: umakula kuphewa n'kuchepa kuchigongono, motero lamba wowongoka amathina kumtunda n'kusiya mpata kumunsi. Microlife imapanga lamba wa 32 mpaka 52 wa makina ake, ndiye a mikono yotere afunse za mtundu umenewo. Zikakanika, makina ovala pamalo ovala wotchi ndiwo otsala, ngakhale kuti kwa wina aliyense sitiwalimbikitsa. Amavuta chifukwa dzanja likatsika pang'ono kuchoka pa mlingo wa mtima nambala imakwera, likakwera imatsika. Wowagwiritsa ntchito aziika dzanjalo pachifuwa, chigongono chitatsamira patebulo, osapinda dzanja.

N'chifukwa chiyani tikukakamira pa anthu onenepa? Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi World Health Organization mu 2017 anapeza kuti mu Zambia pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu asanu ali ndi BP yokwera, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi ndi wolemera kupitirira muyeso, amayi kuposa abambo. Magulu awiriwa amalowana kwambiri. Kafukufuku wakale wa ku Framingham ku America anasonyeza kuti kulemera kopitirira muyeso ndiko kumachititsa mbali yaikulu ya BP yosadziwika gwero lina, kuposa magawo asanu ndi limodzi mwa khumi.

Zimachitika motere. Kilogalamu iliyonse ya mafuta imafuna mitsempha yake ndi magazi ake, choncho thupi likakula magazi amachuluka ndipo mtima umakankha ambiri pa kugunda kulikonse. Koma choopsa kwambiri ndi mafuta a m'mimba, amene amakuta matumbo, chiwindi ndi impso. Amenewa amapanikiza impso, ndipo impso zikapanikizika zimasunga mchere ndi madzi m'malo mozitulutsa mu mkodzo. Mafutawo sangokhala phee. Amatulutsa timadzi totchedwa leptin, timene timadzutsa minyewa yofulumizitsa mtima ndi kufinya mitsempha, ndipo amalimbikitsanso timadzi tina, angiotensin ndi aldosterone, timene timawonjezera kusunga mcherewo. Pamwamba pa izi pali mkonono. Munthu wa khosi lonenepa njira ya mpweya imatsekeka akagona, amabanika kwa masekondi angapo, n'kudzidzimuka ndi phokoso, kangapo pa ola limodzi. Kubanika kulikonse kumakweza BP, ndipo m'kupita kwa nthawi imakhala yokwera ngakhale masana. Ngati amuna anu kapena akazi anu amaliza mkonono wodukaduka chonchi, amadzuka ndi mutu, amasinza masana, ndipo makina akuonetsa manambala okwera m'mawa ngakhale akumwa mankhwala, kanenezeni kwa dokotala. Ambiri sanena, poganiza kuti mkonono ndi nkhani ya kuchipinda.

Kunoko thupi lalikulu timalitamanda. Mkazi akanenepa pabanja timati akusungidwa bwino, bambo akatuluka mimba timati zinthu zikuyenda, ndipo zaka zimene edzi inatisautsa zinasiya mantha oti wowonda ndiye wodwala. Mantha amenewo ali ndi pochokera ndipo sitiwanyoza. Koma sitiroko imene imagwetsa aphunzitsi, amalonda a m'misika ya Kapata ndi Saturday Market mu Chipata, ndi oyendetsa magalimoto a mu Great East Road pa zaka makumi anayi kapena makumi asanu, kawirikawiri imakhala itadutsira m'mimba momwemo, ndipo BP siipweteka kuti ichenjeze. Ambiri amene ili yokwera samva kalikonse. Kudikira mutu kapena chizungulire kuti mukayezetse ndi kudikira mochedwa.

Pa kagwiritsidwe ntchito, makina onse awiri ndi osavuta: batani limodzi, kudikira osakwana mphindi, basi. Zolakwika zimachokera kwa woyeza. Kwa mphindi 30 musanayeze musamwe tiyi kapena khofi, musasute, musagwire ntchito yolemetsa. Kodzani kaye, chifukwa chikhodzodzo chodzaza chimakweza nambala. Khalani pampando wotsamira msana, mapazi onse pansi, miyendo yosapingasa, kwa mphindi zisanu musanadine batani. Sofa yonyowera mkati kapena m'mphepete mwa bedi si malo oyezera. Mkono ukhale wopanda chovala. M'nyengo yozizira ya June ndi July anthu amakwinya juzi mpaka kuphewa, juziyo n'kufinya mkono pamwamba pa lamba. Kuli bwino kuvula dzanja lonse la juziyo. Lamba akhale sentimita imodzi kapena awiri pamwamba pa chigongono, paipi itadutsa mbali ya mkati ya mkono kuloza kuchikhato, motsatana ndi chala chapakati, ndipo athine moti zala ziwiri zilowe movutikira. Mitundu yatsopano ya M2 ndi M3 imaonetsa kachizindikiro ka OK lamba akamangidwa bwino, ndipo kameneka kamathandiza kwambiri munthu woyeza yekha.

Mkono utsamire patebulo, pakati pa lamba pakhale pa mlingo wa mtima. Ofufuza a ku Johns Hopkins omwe aja anapezanso mu 2024 kuti kuika dzanja pamwendo kumawonjezera pafupifupi 4 pa nambala ya pamwamba, ndipo kulilendewetsa m'mbali kumawonjezera pafupifupi 6 kapena 7. Munthu wa mimba yaikulu amakonda kukhala patali ndi tebulo, dzanja n'kugwera pansi, choncho ikani pilo kapena chitenje chopinda pansi pa chigongono. Musalankhule, musagwire foni. Phatikizani lamba wamng'ono, dzanja lolendewera ndi kucheza, mupeza nambala imene ilibe ubale uliwonse ndi thupi lanu.

Nambala imodzi siiweruza munthu. Njira imene madokotala amaikhulupirira ndi ya masiku asanu ndi awiri: m'mawa musanadye ndiponso musanamwe mankhwala yezani kawiri, kusiyanitsa ndi mphindi imodzi, madzulo musanadye kawirinso. Za tsiku loyamba zitayeni, chifukwa munthu amakhala ndi mantha ndi chinthu chachilendo. Zotsalazo ziphatikizeni n'kugawa ndi kuchuluka kwake. Kunyumba malire ndi 135/85, osati 140/90 ya ku chipatala, chifukwa kunyumba mtima umakhala m'malo. Tsiku loyamba yezani mikono yonse iwiri, ndipo kuyambira pamenepo muzigwiritsa ntchito umene waonetsa nambala yokulirapo. Apa M3 imaposa M2, chifukwa imasunga zotsatira za anthu awiri padera ndi tsiku lake, moti za bambo ndi za mayi sizisakanikirana. Mtundu wa M2 wotchedwa M2 Basic umakumbukira muyeso womaliza wokha. Komabe kope la kusukulu ndi bolopeni zimaposa zonsezi, chifukwa nesi wa ku kiliniki amene kunja kuli mzere wautali sangayambe kudina mabatani a makina anu, koma tsamba limodzi aliwerenga msanga.

Makina akaonetsa 180/120 kapena kuposerapo, pumulani mphindi zisanu n'kuyezanso. Zikabwereza, pitani ku chipatala tsiku lomwelo. Ngati pali kupweteka pachifuwa, kubanika, kusaona bwino, kupotoka kwa kamwa, lilime lolemera kapena dzanja lofooka, musayezenso, nyamukani nthawi yomweyo kupita ku Chipata Central Hospital, ku Mwami, ku St Francis ku Katete kapena chipatala chachikulu chimene chili pafupi. Mayi woyembekezera malire ake ndi otsika: 140/90 yokha ndi yokwanira kuti apite ku kiliniki tsiku lomwelo, makamaka ngati mutu ukupweteka kapena nkhope yatupa. Pali kachizindikiro kenanso ka mtima wogunda mosalongosoka. Kakatuluka kamodzi mwina munagwedezeka, koma kakamabwerabwera kaonetseni kwa dokotala, chifukwa mtima wodumphadumpha umasokoneza kuwerenga kwa makina ndipo pawokha umabweretsa sitiroko.

Makinawa amayendera mabatire anayi, zimene zili zabwino kuno kumene magetsi amathimathima. Chingwe cha magetsi chimagulidwa padera ndipo sichofunika kwenikweni. Gulani mabatire a alkaline. Otchipa a pamsika amatha msanga, pampu imalira mofooka, makina n'kuzima lamba asanadzaze, ndipo akasiyidwa mkati miyezi ingapo amatulutsa madzi owononga zitsulo. Lamba wamkulu amafuna mpweya wambiri, motero a mikono yaikulu mabatire amawathera msanga kuposa anzawo. Uthenga wa E1 kawirikawiri umatanthauza kuti mpweya ukuthawa: paipi sinalowe bwino kapena lamba waboola. E4 ndi kugwedezeka kapena kulankhula. Chimene chimayamba kutha ndi lamba, osati makina: chomatira chimadzaza ulusi n'kuyamba kumasuka pakati pa muyeso, ndipo paipi imang'aluka pamene imapindidwa posunga. Musaizunguze mothina pa makina, ndipo lamba musamuviike m'madzi, mungompukuta ndi kansalu konyowa. Makinawa anapangidwa kuti azigwira ntchito pa kutentha kwa madigiri 10 mpaka 40. A ku chigwa cha Luangwa, ku Mambwe ndi ku Mfuwe, mwezi wa October aziyeza m'mamawa ndi madzulo kutazizirako, ndipo wina aliyense asawasiye m'galimoto yotseka kapena pawindo. Pakapita chaka chimodzi kapena ziwiri, atengereni ku kiliniki akayerekezedwe ndi a kumeneko pa mkono womwewo.

Gulani mu famase yolembetsedwa ndi ZAMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala mu Zambia, landirani lisiti, ndipo yesani makinawo pamkono panu musanatuluke. Makina opanda dzina ogulitsidwa pa Facebook kapena m'misika amaoneka okongola, ena amalankhula, ena amasintha mitundu ya magetsi, koma ambiri sanayesedwepo pa anthu kuti aone ngati amalondola. Pa intaneti pali mndandanda wa STRIDE BP umene umatchula makina amene anayesedwa n'kupambana, ndipo mungafufuzepo nambala ya mtundu imene yalembedwa kunsi kwa makina. Mawotchi a pamkono otchipa amene amati amayeza BP popanda kupopa mpweya musawadalire n'komwe.

Phindu lalikulu la makinawa kwa munthu wonenepa n'lakuti amaonetsa malipiro a khama lake asanaoneke pagalasi. Kafukufuku wambiri ataphatikizidwa anapeza kuti kilogalamu iliyonse imene munthu wataya imatsitsa nambala ya pamwamba ndi pafupifupi 1. Sikofunika kubwerera ku thupi la pa unyamata. Kutaya magawo 5 mpaka 10 pa 100 alionse a kulemera kwanu n'kokwanira kusintha zinthu: wa makilogalamu 90 ataye pafupifupi 5 mpaka 9, pang'onopang'ono, theka la kilogalamu pa sabata. Choncho tepi ya telala ija musabweze, gulani yanu. Yezani m'chiuno mutaimirira, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, mutatulutsa mpweya mosakoka mimba. Kwa abambo ngozi imayamba pa masentimita 94 n'kukula kwambiri pa 102, kwa amayi pa 80 ndi pa 88. Lamulo losavuta kukumbukira n'lakuti m'chiuno musapitirire theka la msinkhu wanu: wotalika masentimita 164 asadutse 82. Tepi imaposa sikelo pa nkhaniyi, chifukwa pali anthu a miyendo yowonda ndi mimba yotuluka amene sikelo imawauza kuti ali bwino.

Zochotsa makilogalamuwo zili m'khitchini mwanu momwe. Nsima si mdani, koma mitanda itatu ya ufa woyera masana ndi itatu usiku, kwa munthu amene watandala pampando m'shopu kapena muofesi, ndi yochuluka. Chotsani mtanda umodzi, sinthani ndi mgaiwa, ndipo mbale idzaze chibwabwa, kalembula, lepu, therere ndi nyemba. Saladi ndiye amabisala kwambiri: sipuni yaikulu imodzi ili ndi makalori pafupifupi 120, ndipo ambiri timathira kuchokera m'botolo osayeza. Yezani ndi sipuni. Ndiwo zotendera nsawa sizifunanso saladi. Botolo la theka la lita la zakumwa zotsekemera limakhala ndi shuga wokwana masipuni ang'onoang'ono khumi kapena kuposa, ndipo maheu a m'sitolo, vitumbuwa vya tsiku lililonse ndi tiyi wa masipuni anayi zimapita njira yomweyo. Mowa umanenepetsa komanso umakweza BP pawokha. Mchere nawo: World Health Organization imati usapitirire magalamu 5 pa tsiku, pafupifupi sipuni yaing'ono imodzi kuphatikiza wa m'zakudya zonse, pamene kafukufuku wa 2017 uja anapeza kuti mu Zambia timadya pafupifupi kawiri kuposa pamenepo. Wina umalowera m'timakyubu tokometsera ndiwo, soseji, poloni, nyama yootcha ya pamowa, kapenta ndi nsomba zouma zamchere, komanso soda wa m'therere. Kapenta muviikeni m'madzi ofunda n'kutaya madziwo, ndipo mchere usamabwere pamphasa. Kuyenda ndawala mphindi 30 masiku asanu pa sabata kumatsitsa BP ngakhale sikelo isanasunthe. Mu Chipata njinga zonyamula anthu zili paliponse, ndipo kaulendo ka mphindi khumi timakwera. Kameneko n'koyamba kuyenda pansi.

Pali mankhwala amene amasokoneza zimene makina akuonetsa. Ibuprofen ndi diclofenac, amene anthu olemera amamwa kawirikawiri chifukwa cha mawondo ndi msana, amakweza BP ndi kuvutitsa impso akamwedwa tsiku ndi tsiku. Mapiritsi ena olerera amakweza BP, ndipo jakisoni wa miyezi itatu amanenepetsa amayi ena. Ma ARV okhala ndi dolutegravir nawonso amawonjezera thupi kwa anthu ena, makamaka amayi. Awa musawasiye ngakhale tsiku limodzi, koma muziyeza BP ndi m'chiuno n'kukambirana ndi a ku kiliniki. Tiyi wochepetsa thupi wogulitsidwa pa foni nthawi zambiri amangotsegula m'mimba ndi kukodzetsa, kutaya madzi osati mafuta.

Amene akumwa mankhwala a BP monga amlodipine, nifedipine, enalapril, losartan kapena HCT asasiye ataona manambala abwino, chifukwa manambalawo ndi abwino kaamba ka mankhwalawo. Thupi likatsika ndithu, makina n'kumaonetsa manambala otsika mosalekeza kapena mukumva chizungulire poimirira, tengani kope lija kwa dokotala, ndipo iye ndiye achepetse mlingo.

Kwa banja limene muli wina wa mkono wopitirira masentimita 31, kapena mmene anthu awiri aziyeza, M3 ndi yoyenera ndalama zowonjezerazo. Kwa munthu mmodzi wa mkono wapakati amene sachita ulesi kulemba m'kope, M2 ikwanira. Ndipo pamene mukuchepa thupi, muziyezanso mkono miyezi itatu iliyonse ngati munagula lamba woyambira pa 32, monga wa Microlife uja, chifukwa mkono ukatsika pansi pa 32 lamba ameneyo ayamba kukuonetsani manambala otsika kuposa enieni, ndipo pafunika kubwerera ku wapakati.